Chingwe cha Khonje

Munthu akagwira choko zaka 35 amaphunzitsa maphunziro ochuluka kwambiri moti sangathe kuwawerenga. Ambiri mwa maphunzirowo amafufutika m'mutu monga momwe amafufutikira pabolodi belu likangolira. Komabe alipo ena, mwina awiri kapena atatu, amene amakanirira, ndipo mwini wake amapita nawo kumudzi pamodzi ndi katundu wake akapuma pantchito. Kawirikawiri maphunziro okanirirawo ndi aja amene adachititsa manyazi mwini wake. Nkhani ino ndi ya phunziro lotere, ndipo idaonekera mphunzitsi wina pasukulu ina ya pulaimale ku Madziabango, m'boma la Blantyre.

Mphunzitsiyu adasulidwa pakoleji ya aphunzitsi ya Blantyre, ku Soche, ndipo asanafike ku Madziabango adali ataphunzitsako ku Chileka ndi ku Lirangwe. Sadali mlendo pantchito. Anzake ankamudziwa ndi masamu, ndipo iye mwini ankanyadira mbiri imeneyi mumtima mwake. Dera limene adatumizidwako lili pamsewu wochokera mumzinda wa Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Ndi dera la zitunda ndi zigwa, kumene minda yambiri ili pamalo otsetsereka, ndipo munthu amene ali ndi munda wabwino pafupi ndi msewu amakhala ndi chuma chimene anzake amachiyang'ana ndi diso lakumbali.

Chaka cha 1994 chidasintha zinthu m'sukulu zonse za m'dziko muno. Boma latsopano la Pulezidenti Bakili Muluzi lidathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ana amene ankaweta mbuzi, kulera makanda ndi kugulitsa nkhuni m'mbali mwa msewu adakhamukira kusukulu. Ena amene adasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi adabwerera ali akuluakulu, ndevu zitayamba kumera. Zidali zokondweretsa, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke pamodzi ndi anawo. Boma lidalemba aphunzitsi ambirimbiri amene adali asanapite kukoleji, ndipo makalasi ochuluka adasamukira pansi pa mitengo. Mphunzitsi wathuyu adapatsidwa Sitandade 6, ana oposa 90, bolodi limodzi lotsamira pamtengo wa mango, ndi mabuku a masamu oti ana asanu n'kumaonera limodzi.

Pophunzitsa khamu lotere mphunzitsi amagwa m'chiyeso chosandutsa kalasi kukhala kwaya. Iye amatsogolera, ana n'kumavomera, ndipo phokoso likakula amadzinamiza kuti phunziro lalowa. Popeza kuyambira Sitandade 5 maphunziro ankaperekedwa m'Chingerezi, kwayayo inkayimba m'chilankhulo chimene ana ambiri ankangochimva pasukulu pokha. Itafika nthawi yophunzira perimeter ndi area, mphunzitsiyu adajambula chinthu cha ngodya zinayi pabolodi nalemba malamulo awiri pansi pake. Pofuna perimeter, phatikiza mulitali ndi mulifupi, kenaka uchulukitse kawiri. Pofuna area, chulukitsa mulitali ndi mulifupi. Ana adaloweza malamulowo mpaka anthu opita kumsika ankaima pamsewu kumvetsera.

Koma makope ankanena zina. Mwana akafunsidwa area ankaphatikiza, akafunsidwa perimeter ankachulukitsa, ndipo amene wakhoza lero mawa ankalakwa funso lomwelo. Kwa anawo mawu awiriwa adali ngati mapasa ovala zofanana, oti munthu amangotchula dzina limodzi n'kuyembekezera mwayi. Padalibe amene adawauza m'chilankhulo cha kwawo kuti perimeter ndi ulendo woyenda m'malire mpaka kubwerera pamene unayambira, pamene area ndi kukula kwa malo onse ali m'kati mwa malirewo. Mphunzitsi ankaona zolakwazo, koma ankati ndi ulesi wa ana, ndipo mankhwala ake adali kuwonjezera kuyimba.

Tsiku lina Lachiwiri, m'nyengo yososa m'minda mvula isanagwe, belu loweruka litalira, kamtsikana kena kadatsalira anzake atabalalika. Kadali kamwana kofatsa, kokhala kumbuyo, kamene makolo ake onse awiri adatsogola ndipo kankaleredwa ndi agogo ake aakazi pamodzi ndi ang'ono ake awiri. Kadagwada pafupi ndi bolodi, manja ali pamaondo.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso."

"Funsa msanga, mwanawe, nthawi yatha."

"Kodi pakakhala minda iwiri, wina uli ndi perimeter yaikulu kuposa unzake, umenewo ndiye munda waukulu?"

Mphunzitsi adali atatopa, fumbi la choko lili m'mphuno, makope 90 akumudikira. Sadatembenuke n'komwe. "Nanga zimenezo n'zofunsa? Chachikulu n'chachikulu basi. Pita kunyumba." Mwana uja adathokoza, nadzuka, nathamanga.

Usiku wa tsiku lomwelo mphunzitsiyu adayatsa nyali nayamba kukonza mafunso a tsiku lotsatira. Adajambula chinthu cha masentimita 9 mulitali ndi 1 mulifupi, ndi china cha masentimita 4 mbali zonse. Powerengera mayankho, dzanja lake lidaima. Choyambacho perimeter yake idali 20 koma area 9 yokha. Chachiwiricho perimeter yake idali 16 koma area 16. Cha malire aatali chidali chaching'ono, cha malire aafupi chidali chachikulu. Izi adazidziwa kuyambira ali kukoleji, ndipo akadafunsidwa pamayeso sakadalakwa. Koma masana a tsiku limenelo adali atauza mwana bodza ndi pakamwa pake. Adadzitonthoza kuti akonza kukacha, popeza bodza la m'kalasi limafufutika ndi dasitala.

Kutacha, malo a mtsikana uja adali opanda munthu. Atafunsa, mnyamata wina wa m'mudzi mwawo adaimirira nati, "Waperekeza agogo ake kwa alongo awo, aphunzitsi. Akukawauza kuti avomera zosinthana munda." Mphunzitsi adamva kuzizira m'mimba. Pofunsitsa adamva nkhani yonse. Bambo wina wamalonda ankafuna munda wa agogowo, umene udali pafupi ndi msewu, kuti amangepo golosale ndi chigayo. M'malo mwake adalonjeza kuwapatsa tsala lake la kuphiri. Pofuna kuonetsa kuti sakuwabera, adaitana mboni ziwiri nayenda m'malire mwa minda yonse iwiri akuwerenga mapazi mokweza. Munda wa agogo udakwana mapazi 180, tsala la kuphiri mapazi 200. Nkhaniyo idali yoti ikatsirizidwe pabwalo la amfumu Loweruka.

Ataweruka, mphunzitsi sadadye n'komwe. Adatsogozana ndi mnyamata uja mpaka pakhomo pa agogowo. Adawapeza atakhala pamphasa akusankha mbewu ya chimanga. Atalonjerana monga mwa mwambo, iye adavula chipewa nati, "Mayi, ndabwera kudzabweza mawu anga. Dzulo mdzukulu wanuyu anandifunsa funso ndipo ndinamuyankha zolakwika. Munda wa malire aatali ungathe kukhala waung'ono kuposa wa malire aafupi."

Agogo aja adakhala chete kanthawi, akupeta mbewu m'lichero. Kenaka adayankha mofatsa. "Aphunzitsi, ife osapita kusukulu timadalira inu. Mtima wanga unkakana kuyambira pachiyambi, chifukwa tsala lija ndikaliyang'ana ndimaona ngati lamba wa m'chiuno. Munda wangawu ndimaudziwa ndi khasu, ndimadziwa mbewu imene umadya ndi dengu limene umabweza. Koma tsala silinalimidwepo zaka zambiri, ndiye ndikanaliyeza ndi chiyani? Mapazi anawerengedwa pamaso pa mboni. Nkhalamba ingatsutse bwanji nambala? N'chifukwa chake ndinatuma mwanayu kwa inu. Dzulo mwati chachikulu n'chachikulu, lero mukuti ayi. Nanga mawa mudzati chiyani?"

Mawu amenewa adalasa mphunzitsi kuposa chidzudzulo chilichonse cha woyendera sukulu. Adazindikira kuti mawu ake adatha mphamvu, ndipo kuwonjezera mawu ena sikukadathandiza. Ngakhale akadapita yekha kubwalo, anthu akadangoti mphunzitsi wobwera akulowerera nkhani za eni mudzi. Chofunika chidali chakuti mwana wa pakhomopo aone yekha ndi maso ake, ndipo athe kuonetsa ena. Choncho adangopempha chinthu chimodzi, kuti mtsikanayo asajombe kusukulu Lachinayi.

Pobwerera adadzera kwa mkulu wina wopota zingwe nagula chingwe chachitali cha khonje. Kunyumba adachiyeza ndi rula yaikulu ya pabolodi, ija ya mita imodzi, kokwanira ka 24. Pamita iliyonse adamangapo kansanza, kenaka adalumikiza nsonga ziwiri za chingwecho ndi mfundo yolimba. Akugwira ntchitoyi adakumbukira aphunzitsi ake a kukoleji, amene ankabwerezabwereza kuti mwana ayambe ndi chimene angachigwire asanafike pa chimene angachilembe. Malangizowo adawalemba bwino pamayeso a uphunzitsi, koma adali atawasiya m'kope.

Lachinayi m'mawa bolodi lidatsala lokha pamtengo wa mango. Ana onse adatengedwa kupita pabwalo la mpira, pamene udzu udali utatha ndipo dothi lidali poyera. Mphunzitsi adasankha anyamata anayi amphamvu kuti akhale ngodya, ndipo adakoka chingwe mpaka mbali iliyonse idakwana mamita 6. Atsikana adatenga timitengo nalemba mizere pansi kuchokera pakansanza kufika pakansanza ka mbali inayo, mopingasa ndi mowongoka, mpaka malo onse adagawika m'tizipinda tofanana.

"Kachipinda kalikonse ndi mita imodzi uku, mita imodzi uku," adatero mphunzitsi. "Kameneka ndiye sikweya mita. Tsopano lowani, mwana mmodzi kachipinda kamodzi."

Ana adalowa akukankhana ndi kuseka. Atawerengana adapezeka 36. Mphunzitsi adatuma mwana wina kuyenda motsatira chingwe akuwerenga tinsanza, ndipo adapeza 24. Kenaka adauza angodya aja kuti asunthe, mulitali mukhale mamita 8, mulifupi 4. Mizere idalembedwanso pamalo atsopano, ana adalowanso, koma anayi adasowa pokhala natuluka akung'ung'udza. Adasunthanso kufika pa mamita 10 ndi 2, ndipo adatsala ana 20. Potsiriza chingwe chidakokedwa mpaka mamita 11 mulitali ndi mita imodzi mulifupi. M'katimo mudatsala ana 11 okha, atandandalika ngati anthu odikira pachigayo.

"Kodi chingwechi ndachidula?" adafunsa mphunzitsi.

"Ayi, aphunzitsi!"

"Chikadali mamita angati?"

"Mamita 24!"

"Nanga anzanu 25 aja achotsedwa ndi yani?"

Padali zii. Kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka, kalasi ija idasowa choyimba. Ana ankayang'ana chingwe, n'kuyang'ana anzawo oima kunja, n'kuyang'ananso chingwe. Patapita nthawi, mnyamata wamkulu wa ndevu zomera uja, amene sadakwezepo dzanja chilowere m'kalasimo, adayankhula ndi mawu okhuthala. "Aphunzitsi, chingwe chikungonena za mpanda. Za m'kati sichikuzidziwa." Mphunzitsi adamuuza kuti abwereze mokweza kuti onse amve, ndipo adawonjezera kuti mpandawo ndiwo perimeter, za m'katizo ndizo area. Mpanda amauyeza ndi mamita chifukwa ndi ulendo, za m'kati amaziyeza ndi masikweya mita chifukwa ndi malo okhalapo. Mwana wina adazindikira yekha kuti sikofunika kuwerenga mutu uliwonse, popeza mizere 4 ya ana 8 ndi 32. Lamulo lija ankaliyimba masabata awiri adalitola okha pafumbi.

Ubwino wa ana ndi wakuti akayamba kuganiza saima pamene mphunzitsi waimira. Mnyamata wina wocheperapo adafunsa chimene chingachitike chingwecho chitazungulira ngati nkhokwe. Ana ambiri adagwira chingwe nachikokera kunja mbali zonse mpaka ngodya zidatha. Ana 36 aja adalowa natsala malo, ena nawonjezekera. Mwa masamu, chingwe cha mamita 24 chikazungulira bwino chimatsekera malo okwana pafupifupi masikweya mita 46, ndipo palibe maonekedwe ena amene angapose pamenepo. Mphunzitsi adawakumbutsa nkhokwe za kwawo, makola a mbuzi ndi nyumba zozungulira zimene makolo ankamanga kale. Munthu woluka nkhokwe ndi nsungwi zowerengeka amailuka yozungulira, ndipo mumalowa chimanga chochuluka kuposa chimene chikadalowa mu ya ngodya. Makolowo sadalembe lamulo pabolodi, koma manja awo adalidziwa.

Nthawi yonseyi mtsikana uja sadayankhule. Adali mmodzi wa ana 11 amene adatsala mumzere wopyapyala, ndipo adaimirira momwemo nthawi yaitali anzake atatuluka. Pobwerera kukalasi adayandikira mphunzitsi nafunsa motsitsa mawu ngati munthu angathe kuchita zomwezo ndi mapazi popanda chingwe. Mphunzitsi adamuuza kuti n'zotheka, malinga munthu mmodzi yemweyo ayende minda yonse iwiri, ndipo awerenge mulitali payekha, mulifupi payekha. Kenaka, pamaso pa ana amene adali pafupi, adati, "Lachiwiri unandifunsa funso labwino ndipo ine ndinakuyankha molakwa. Undikhululukire." Ana adayang'anana, chifukwa adali asanamvepo mphunzitsi akupepesa mwana.

Lachisanu madzulo mtsikanayo adatenga mnyamata wandevu uja, amene phazi lake lidali la munthu wamkulu, napita naye kuminda. Munda wa agogo udapezeka mapazi 50 mulitali ndi 40 mulifupi. Tsala la kuphiri lidapezeka mapazi 90 mulitali ndi 10 mulifupi. Wamalonda uja sadaname pa kuwerenga kwake, pakuti malire adalidi 180 ndi 200. Koma mwana adakhala pansi nachulukitsa pachikuto cha kope lake, ndipo munda wa agogo udatuluka 2,000, tsala lidatuluka 900. Malo amene ankati ndi aakulu sankafika ndi theka lomwe.

Mwambo sulola mwana kutsutsa akuluakulu pabwalo, ndipo mtsikanayo adalidziwa bwino zimenezi. Adafotokozera agogo ake, agogowo adafotokozera alongo awo amene adali mwinimbumba, ndipo Loweruka mwinimbumbayo ndiye adaimirira napempha kuti nkhani iyambe yaima. Amfumu atafunsa kuti maganizo atsopanowa achokera kuti, adawalozera mwana. Amfumu adamuitana, ndipo iye adagwada patsogolo pa nduna, mawu akunjenjemera.

Sadatchule perimeter kapena area. Masiku amenewo alangizi a zaulimi ankalangiza kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 90, mapando nawonso masentimita 90, mbewu zitatu paphando, ndipo mtunda umenewu ndi pafupifupi phazi limodzi la munthu wamkulu. Mwanayo adagwiritsa ntchito zimenezi. "Zikomo amfumu," adatero. "M'munda mwa agogo mumalowa mizere 40, ndipo mzere uliwonse uli ndi mapando 50. Onse pamodzi ndi mapando 2,000. Kutsala kuja kungalowe mizere 10 yokha, uliwonse wa mapando 90. Onse pamodzi ndi mapando 900."

Pabwalo padamveka manong'onong'o. Aliyense amene adakhala pamenepo adali mlimi, ndipo phando ankalidziwa kuposa mphunzitsi aliyense. Amfumu adatuma nduna ziwiri kukayendanso minda ija monga momwe mwana adanenera, ndipo zitabwerera zidavomereza. Pogamula, amfumu adati munthu sadya malire, amadya zimene zamera m'kati mwake. Adati ngati wamalondayo akufunabe malo a pamsewu, apeze munda wa mapando ofanana, ndiponso mwini munda avomere ndi mtima wake. Wamalonda uja adati akaganiza, ndipo nkhaniyo sadaibweretsenso.

Kodi bambo ameneyu adafuna kubera nkhalamba, kapena nayenso ankakhulupirira kuti malire aatali ndiwo munda waukulu? Mphunzitsi sadathe kumuweruza, popeza iye mwini, wokhala ndi satifiketi ya kukoleji, adanena zomwezo Lachiwiri. Ndiponso cholakwa ichi n'chakale kwambiri. Zaka zoposa 2,000 zapitazo wolemba mbiri wa ku Greece, Polybius, adadandaula kuti anthu ambiri amayeza kukula kwa mzinda poona kutalika kwa malire ake. Adapereka chitsanzo cha mizinda iwiri, Megalopolis ndi Sparta. Malire a Megalopolis adali miyezo yawo 50, a Sparta 48, komabe Sparta adali wamkulu kawiri, ndipo anthu akauzidwa sankakhulupirira. Patapita zaka mazana angapo katswiri wina, Proclus, adalemba za anthu amene pogawana malo ankapatsa anzawo zigawo za malire aatali koma zazing'ono m'kati, iwo n'kutenga zazikulu, natamandidwa kuti ndi achilungamo. Liwu lenilenilo lakuti geometry m'Chigiriki limatanthauza kuyeza nthaka, ndipo Herodotus adalemba kuti luso limeneli lidayambira ku Egypt, kumene ankayezanso minda mtsinje wa Nile ukakokolola malo a anthu. Masamu amenewa adabadwira m'munda, ndipo mphunzitsi amene awatsekera pabolodi amawachotsa kwawo.

Kuyambira chaka chimenecho mphunzitsiyu sadayambenso mutu umenewu ndi choko. Ankayamba ndi chingwe, lamulo n'kubwera pambuyo ana atalipeza okha. Ankawayezetsa khonde la sukulu, dimba la mphunzitsi wamkulu ndi mphasa za bango zimene ankabwera nazo kuchokera kwawo. Ankawafunsa kuti wofuna kumanga mpanda wa bafa afunika kudziwa chiyani, nanga wofuna kuzira pansi m'nyumba afunika kudziwa chiyani. Ankawaphunzitsa chifukwa chake alimi amati ekala ndi mapazi 70 uku ndi 70 uku: ekala ndi masikweya yadi 4,840, ndipo 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900, kusiyana kwake n'kochepa. Ankawauzanso kuti hekitala ndi mamita 100 mbali zonse, kutanthauza masikweya mita 10,000, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Si ana onse amene adakhoza mayeso a Sitandade 8, pakuti njala, matenda ndi maukwati zidapitiriza kuchotsa ena pasukulu. Koma mapasa aja adali atavula zovala zofanana, ndipo ana ochepa okha ndiwo ankawasokonezabe.

Phindu lina lidaoneka m'chaka cha 1998, pamene boma lidayamba kugawa timatumba ta mbewu ndi feteleza totchedwa Starter Pack. Katumba kamodzi kadali koyenera malo okwana gawo limodzi mwa magawo 10 a hekitala, ndiwo masikweya mita 1,000. Mlimi womwaza fetelezayo m'munda wonse sankaona kusintha kwenikweni, pamene wothira pamalo oyenera ankakolola. M'midzi yozungulira sukulu ija mudali ana amene ankatha kuuza makolo awo kuti malowo ndi mamita 40 mulitali ndi 25 mulifupi, kapena 50 ndi 20, n'kukawayezera ndi chingwe.

Lero nkhani ya malo yafika povuta kuposa masiku amenewo. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 10 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni, koma nthaka ikadali yomweyo. Minda imene agogo ankalima okha yagawidwa pakati pa zidzukulu mpaka yasanduka timalamba. Ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Lirangwe minda yambiri yadulidwa kukhala mapuloti, ndipo wogula ndi wogulitsa amakambirana za mamita. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola anthu kulembetsa malo a makolo awo, ndipo pepala la malo limanena kukula kwake m'manambala. Munthu wosadziwa kusiyanitsa mpanda ndi za m'kati angathe kudinda chala chake papepala lomulanda theka la munda akumwetulira. Phunziro limene mwana wa Sitandade 6 amaliona ngati la mayeso chabe ndilo lidzamuimirire tsiku limene sipadzakhala mphunzitsi womufunsa.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwambiwu timakonda kuuza ana, koma uli ndi mbali ina imene imakhudza wofunsidwayo. Mwana uja adafunsa, ndipo adatsala pang'ono kudya phula lomwelo chifukwa cha yankho la munthu wotopa. Funso la mwana kawirikawiri limakhala ndi mwini wake kunyumba. Kumbuyo kwake kungakhale ngongole, matenda, mlandu kapena munda, ndipo mawu amene mphunzitsi amawataya akupukuta bolodi amakafika pakhomo ali ndi ulemu wonse wa sukulu. Mphunzitsi uja akadangotembenuka n'kufunsa kuti, "Wafunsiranji zimenezi, mwanawe?" sakadayenda ulendo wamanyazi wa Lachitatu lija.

Agogo aja adamwalira kalekale. Mdzukulu wawo adalekezera sukulu Sitandade 8, adakwatiwa m'mudzi momwemo, ndipo monga mwa mwambo wa chikamwini munda wa pamsewu udatsalira iye ndi abale ake. Mphunzitsi adapuma pantchito nabwerera kwawo. Nthawi zina akakwera minibasi yopita ku Chikwawa amapempha mpando wa pawindo, ndipo akafika ku Madziabango amasuzumira kuti aone ngati mizere 40 ija ikadalipo. Chingwe choyamba chija chidadyeka ndi chiswe, ndipo adapotetsa zina zambiri pambuyo pake. Chotsiriza adachisiyira mphunzitsi wachinyamata amene adalowa m'malo mwake, tinsanza take tonse 24 tili pomwepo, namuuza kuti asachisunge mukabati.